Mpando wa Phungu Ukatsala Wopanda Munthu, Ndani Ayenera Kuikapo Wina?

Phungu wa nyumba ya malamulo ndi munthu monga ife tomwe. Amadwala, amamwalira, nthawi zina khoti imamucotsa pa mpando, ndipo ena amatula pansi udindo mwa kufuna kwao. Zikatere mpando umatsala wopanda munthu zaka zisanu zisanathe, ndipo pamabuka funso limene labvutitsa maiko ambiri: kodi ndani ayenera kuikapo wina? Anthu abwererenso kukaponya voti, kapena mkulu wina wa boma kapena wa cipani angoloza munthu ndi cala?

Kwa munthu wa ku Lusaka funso ili lingaoneke ngati nkhani ya maloya. Koma kwa mlimi wa mpunga ndi thonje wa kwa Chifunda, m'cigwa ca Luangwa m'boma la Chama, nkhaniyi ikhudza m'mimba. Kumeneko mvula ikayamba mitsinje imadzaza, misewu imaduka, ndipo njobvu zocokera m'chire la Musalangu zimatha munda usiku umodzi. Ku boma ndi kutali, ku Chipata ndi kutali, ku Lusaka ndiye osanena. Munthu amene angaimirire m'nyumba ya malamulo ndi kuchula dzina la Chifunda pamaso pa nduna ndi phungu wa deralo. Cotero tiyenera kufunsa kuti munthu ameneyo amaopa ndani, ndipo amathokoza ndani. Yankho siliri patali: munthu aliyense amagwadira amene anamupatsa mpando.

Kuti timvetse bwino, tiyambe taona dziko limene lakhala likuyesa njira yoloza munthu ndi cala kwa zaka zoposa 100.

Mmene amacitira ku Amereka

Dziko la Amereka liri ndi zigawo 50, ndipo cigawo ciriconse cimatumiza anthu awiri ku nyumba ya malamulo yochedwa Senate. Onse pamodzi ndi maseneta 100, ndipo aliyense amakhala pa mpando zaka 6. Kale maseneta sanali kusankhidwa ndi anthu wamba. Anali kusankhidwa ndi aphungu a nyumba za malamulo za m'zigawo. Madandaulo a ziphuphu atacuruka, mu 1913 dzikolo linasintha malamulo ake aakulu kuti anthu eni ake ndiwo aziponya voti. Koma kusinthaku kunasiya khomo limodzi lotsegula. Lamulo latsopanolo linati mpando wa seneta ukatsala wopanda munthu, cigawo cingathe kulola gavanala wake kuikapo wogwirizira kufikira tsiku limene anthu adzasankha.

Akuluakulu amene anaona nthawi ya UNIP akumbukira magavanala a m'maboma, amene anali kuikidwa ndi a Kaunda ndipo anatha pamene ulamuliro wa zipani zambiri unabwerera mu 1991. Gavanala wa ku Amereka ndi wosiyana ndi amenewo. Iye amasankhidwa ndi anthu a cigawo cake, ndipo m'cigawomo ndiye mutu wa boma.

Zigawo zambiri za ku Amereka zinapatsa magavanala ao mphamvu imeneyi. Zowerengeka cabe ndizo zimakana, ndi kusiya mpando wopanda munthu kufikira masankho apadera. Pali zigawo zimene wogwirizira amakhala miyezi yocepa, ndipo pali zina zimene amakhala pafupifupi zaka ziwiri. Mwacitsanzo mu January 2025, a JD Vance atasiya useneta kuti akhale waciwiri kwa mtsogoleri wa dziko, gavanala wa Ohio, a Mike DeWine, anaika a Jon Husted pa mpandowo. Mwezi womwewo a Marco Rubio atapatsidwa unduna woona za maiko akunja, gavanala wa Florida, a Ron DeSantis, anaika mai Ashley Moody. Masankho odzaza mipando iwiriyi anaikidwa pa November 2026. Anthu mamiliyoni ambiri anapatsidwa owaimira atsopano popanda kuponya voti ngakhale imodzi.

Ubwino wa njirayi ulipo. Mpando sukhala wopanda munthu, cigawo sicitaya liu lake pamene malamulo akupangidwa, ndipo boma silitaya ndalama pa masankho a mwadzidzidzi. Koma zimene zacitika kumeneko zionetsanso mbali ina.

Gavanala amene anafuna kugulitsa mpando

Mu November 2008 a Barack Obama, amene anali seneta wa cigawo ca Illinois, anasankhidwa kukhala mtsogoleri wa dziko. Mphamvu yoika munthu pa mpando umene anasiya inali m'manja mwa gavanala Rod Blagojevich. Apolisi ofufuza milandu anali kumvetsera mafoni ake mwacinsinsi, ndipo anamumva akukambirana zimene angapindule akapereka mpandowo, kaya ndalama za kampeni kaya nchito yapamwamba. Anamumanga pa 9 December 2008. Ngakhale zinali tero, mphamvu ija inali ikali m'manja mwake, ndipo kumapeto kwa mwezi womwewo anaika a Roland Burris kukhala seneta. Mu January 2009 aphungu a cigawoco anamucotsa pa ugavanala, ndipo mu 2011 khoti inamupatsa zaka 14 za ndende. A Donald Trump anamutulutsa mu 2020 ndi kumukhululukira mu 2025, koma manyazi a nkhaniyo sanafafanizike.

Ku cigawo ca Alaska mu 2002, seneta Frank Murkowski anapambana ugavanala. Pofunafuna womulowa m'malo ku Senate, anasankha mwana wake wamkazi, mai Lisa Murkowski. Anthu anakhumudwa, ndipo mu 2004 anaponya voti yobvomereza lamulo lakuti mpando wotere uzidzazidwa ndi masankho apadera. Maiwo pambuyo pake anapambana masankho kangapo mwa mphamvu zao, zimene zisonyeza kuti si woikidwa aliyense amene ali wopanda nchito. Koma anayamba liwiro ali kale patsogolo pa anzao, cifukwa mpando anaupeza pakhomo pa bambo wao.

Ku Minnesota mu 1976 gavanala Wendell Anderson anacita zoposa pamenepo. Anatula pansi ugavanala, ndipo waciwiri wake atalowa m'malo mwake anamuika iye yemweyo kukhala seneta. Pa masankho a 1978 anthu anamugwetsa.

Nkhani ya ku Massachusetts ndiyo itiphunzitsa kwambiri za andale. Mu 2004 seneta John Kerry wa cipani ca Democratic anali kupikisana pa utsogoleri wa dziko, pamene gavanala, a Mitt Romney, anali a cipani ca Republican. Aphungu a Democratic, poopa kuti mpando ungapite kwa adani ao, anacotsa mphamvu ya gavanala yoika seneta. Mu 2009 seneta Edward Kennedy atamwalira, gavanala anali wa cipani cao, ndipo aphungu omwewo anabweza mphamvu ija kuti aike wogwirizira. Lamulo linali kutembenuka molingana ndi amene adzapindula. Ndipo anthu atapatsidwa mpata woponya voti mu January 2010, anasankha a Scott Brown a Republican, pa mpando umene a Kennedy anakhalapo kuyambira mu 1962. Cimene gavanala anafuna ndi cimene anthu anafuna zinali zinthu ziwiri zosiyana.

Nanga kwathu kuno?

Zambia iribe Senate. Nyumba yathu yopanga malamulo ndi imodzi, ndipo Nyumba ya Mafumu nchito yake ndi kulangiza cabe. Anzathu a ku Malawi analemba Senate m'malamulo ao a 1994, koma siinakhazikitsidwe, ndipo mu 2001 anaifafaniza. Ngakhale ziri tero, aphungu oikidwa popanda voti tiwadziwa bwino. Kuyambira pa malamulo a 1991, mtsogoleri wa dziko anali ndi mphamvu yoika aphungu osapitirira 8, ndipo kusintha kwa malamulo kwa December 2025 kunakweza nambalayi kufika pa 11.

Phungu woikidwa alibe dera, ndipo mpando wake uli m'thumba la amene anamuika. Mu May 2003 malemu a Levy Mwanawasa anaika a Nevers Mumba kukhala phungu ndi waciwiri kwa mtsogoleri wa dziko. Mu October 2004 anawacotsa. Mu August 2014 malemu a Michael Sata anacotsa a Wynter Kabimba pa unduna wa zacilungamo, ndipo uphungu wao woikidwa unathera pomwepo. Panalibe mlimi amene anafunsidwa powaika, panalibenso amene anafunsidwa powacotsa. Munthu wokhala pa mpando wotere angakhale wanzeru ndi wakhama, koma maso ake amayang'ana kumwamba, osati kumudzi.

Pa mipando ya madera, malamulo a 2016 anati mpando wa phungu, meya kapena khansala ukatsala wopanda munthu, masankho apadera acitike pasanathe masiku 90, kupatula ngati kwatsala masiku 180 kuti masankho a dziko lonse afike. Koma mu May 2025 boma linatulutsa pepala la kusintha malamulo lochedwa Bill 7, ndipo m'pepala loyambalo munali ganizo lakuti phungu wa cipani akacoka pa mpando, cipani cake cisankhe womulowa m'malo, anthu osabwereranso kukaponya voti. Ganizoli linautsa mkangano waukulu pa mawailesi, m'machalichi ndi pakati pa maloya. Pa 27 June 2025 khoti yoona za malamulo aakulu inagamula kuti boma linayenera kuyamba lafunsa anthu mokwanira lisanayambe nchito yosintha malamulowo. Apa tiona kuti funso la ku Amereka lija lafika pakhomo pathu, kungoti m'malo mwa gavanala pali mlembi wamkulu wa cipani.

Zimene zinacitika ku Chama North ndi ku Lumezi

Anthu a m'boma la Chama safunika kupita kutali kuti aone tanthauzo la nkhaniyi. Pa masankho a 2011 mpando wa Chama North unapita kwa a Darius Mumba a cipani ca MMD. Khoti inafafaniza zotsatirazo, ndipo pa 5 July 2012 anthu anabwereranso kukaponya voti. Anasankha a January Zimba a cipani ca PF. Tsopano taganizani: cikhala kuti lamulo linali lakuti cipani cimene cinali ndi mpando ndico ciike wina, akuluakulu a MMD akanangotumiza dzina kucokera ku Lusaka, pa mpando umene khoti inali itanena kale kuti sunapezedwe bwino. Anthu a Chama North akanakhala zaka zinai ndi phungu amene sanamusankhe.

Anansi a Chifunda a kum'mwera, a kwa Kazembe, Chitungulu ndi Mwanya, ali m'dera limene pa masankho a 2021 linasankha a Munir Zulu kukhala phungu wa Lumezi. Iwo anaima paokha, opanda cipani. Mu 2025 khoti itawapatsa cilango ca ndende mpando unatsala wopanda munthu, ndipo mu June caka comweco anthu anasankha a Lufeyo Ngoma a cipani ca UPND. Apa pali funso lina: phungu woima payekha akacoka, cipani citi cingamulowetsere munthu? Ngati madera a aphungu oima paokha adzaponya voti pamene madera a aphungu a zipani adzangolandira dzina, ndiye kuti nzika za dziko limodzi zidzakhala ndi ufulu wosiyana.

Wina anganene kuti pa masankho onse awiriwa cinapambana ndi cipani colamula, PF mu 2012 ndi UPND mu 2025, ndiye kuti masankho apadera amangothandiza boma. Nzoona kuti cipani colamula cimabwera ndi magalimoto ambiri ndi malonjezo ambiri. Koma sicipambana nthawi zonse. Tsiku lomwe lija la 5 July 2012, PF inagonja ku Livingstone, kumene UPND inapambana, ndi ku Muchinga, kumene MMD inasunga mpando wake. Mu April 2019 PF ikali m'boma inataya mpando wa Roan ku Luanshya. Mu February 2025 UPND iri m'boma inalephera kutenga Petauke Central. Masankho apadera ndi njira imodzi imene anthu amauzira boma pakati pa ulendo kuti apa mwacita bwino, apa mwaphonya.

Amene afuna masankho apadera athe ali ndi mfundo

Tisanamizane, masankho apadera ali ndi mabvuto ake. Coyamba ndi ndalama. Bungwe la ECZ limafunika kusindikiza mapepala a voti, kuphunzitsa ndi kulipira oyang'anira masankho, kunyamula mabokosi ndi kutumiza apolisi. M'cigwa monga ca Luangwa, ngati mpando watsala mu January, masiku 90 onse amagwera m'dzinja, pamene galimoto siingafike m'midzi yambiri. Mlimi amene alibe mankhwala ku cipatala ali ndi cifukwa cofunsira ngati ndalamazo sizikanagwira nchito ina.

Caciwiri ndi ndeu. Pa masankho a dziko lonse anyamata a zipani amamwazikana m'madera onse, koma pa masankho apadera onse amathiridwa m'dera limodzi. Anthu sanaiwale ciwawa ca ku Mufumbwe mu 2010 ndi ca ku Sesheke mu 2019. Obwera amamenyana ndi kubwerera kwao, eni mudzi ndi kutsala ndi mabala ndi cidani.

Cacitatu ndi aphungu oyendayenda. Pakati pa 2011 ndi 2015 dziko lino linaona masankho apadera ambiri, ena cifukwa ca zigamulo za makhoti, ena cifukwa aphungu anali kusiya zipani zao kuti alowe cipani colamula ndi kuimanso pa mpando womwewo. Malamulo a 2016 anatseka khomo limeneli ponena kuti phungu amene watula pansi udindo sangaimenso kufikira nyumba ya malamulo imeneyo itatha nthawi yake. Ici ndi citsanzo cabwino: bvuto linacepetsedwa popanda kulanda anthu voti yao.

Mfundo zonsezi ndi zoona, koma zitiuza kuti masankho apadera akonzedwe, osati kuti mwini mpando asinthe. Denga likadontha timafolera udzu wina, sitipereka nyumba kwa mlendo.

Cipani cikakhala mwini mpando

Maiko ena oyandikana nafe alibe masankho apadera a aphungu. Ku South Africa ndi ku Mozambique anthu amavotera mndandanda wa maina umene cipani calemba, ndipo phungu akacoka, amalowa wina wa cipani comweco. Njirayi ndi yochipa. Koma kumeneko anthu amadziwiratu poponya voti kuti akusankha cipani, ndipo kulibe phungu wa dera laling'ono amene mudzi unganene kuti uyu ndi wathu. Kwathu kuno pa pepala la voti pamakhala dzina ndi nkhope ya munthu. Ambiri a kumudzi amavotera munthuyo cifukwa amudziwa, adziwa makolo ake, ndipo anamuona pa maliro ndi pa misonkhano.

Ku Zimbabwe kunacitika zimene ziyenera kuticenjeza. Atatha masankho a August 2023, a Sengezo Tshabangu analembera kalata sipikala wa nyumba ya malamulo, kudzicha mlembi wamkulu wogwirizira wa cipani cotsutsa ca CCC, ndi kunena kuti aphungu ena salinso a cipanico. Mtsogoleri wa cipanico pa nthawiyo, a Nelson Chamisa, anawakana a Tshabangu, koma aphunguwo anacotsedwabe. Pa mipando imene imadzazidwa ndi cipani popanda masankho, maina atsopano anacokera ku gulu la a Tshabangu, ndipo mu March 2024 iwo eni analumbira kukhala seneta. Munthu amene analemba kalata yocotsa anzake ndiye anakhala pa umodzi wa mipandoyo.

Kodi zotere sizingacitike kuno? Pa masankho a 2021 mipando yonse iwiri ya boma la Chama, Chama North ndi Chama South kumene anthu a kwa Chifunda anaponya voti, inapita ku cipani ca PF. Mu October 2023 cipanico cinagawika, magulu awiri lirilonse likuti ndilo mwini cipani, ndipo nkhani inapita ku makhoti. Cikhala kuti nthawi imeneyo umodzi wa mipandoyo unatsala wopanda munthu, ndipo lamulo likuti cipani ciike wina, ndi gulu liti likanatumiza dzina? Anthu a m'cigwa akanayembekezera maloya a ku Lusaka kuti awauze phungu wao.

Tikumbukirenso kuti mpando wa phungu lero uli ndi cuma pambali pake. Mu 2021 dera lirilonse linali kulandira K1.6 miliyoni ya CDF. Mu 2022 ndalamazi zinakwera kufika pa K25.7 miliyoni, ndipo mu 2025 zinali K36.1 miliyoni. Phungu amakhala m'komiti yoona za ndalamazi, zimene zimamanga makalasi, zipatala zazing'ono ndi mijigo, ndi kulipirira ana sukulu. Ngati gavanala wa ku Illinois anaona kuti mpando ungagulitsidwe, tisaganize kuti kwathu kuno kulibe amene angaone cimodzimodzi. Kugula anthu zikwi zambiri a m'dera ndi kobvuta; kugula anthu asanu a m'komiti ya cipani ndi kwapafupi.

Njira yapakati iripo

Dziko lino linathetsapo kale bvuto lofanana ndi ili pa mpando waukulu koposa. A Mwanawasa atamwalira mu August 2008, dziko lonse linaponya voti pa 30 October caka comweco. A Sata atamwalira mu October 2014, tinaponyanso voti pa 20 January 2015. Masankho awiriwa anadya ndalama zambiri. Malamulo a 2016 anabweretsa njira yakuti wopikisana pa utsogoleri wa dziko aziima pamodzi ndi waciwiri wake, ndipo mtsogoleri akamwalira waciwiriyo amatsiriza zaka zotsala. Masankho apadera a mtsogoleri wa dziko anatha, koma anthu sanalandidwe kanthu, cifukwa wolowa m'malo amamudziwiratu tsiku loponya voti.

Ngati dziko liona kuti masankho apadera a aphungu ndi olemetsa, nzeru yomweyi ingaganiziridwe: wopikisana aliyense, wa cipani kapena woima payekha, achuliretu womulowa m'malo, dzina lake lidziwike kwa anthu asanaponye voti. Koma mpando umene khoti yafafaniza cifukwa ca cinyengo uyenera kubwerera kwa anthu, pakuti palibe cilungamo kuti gulu limene lapezeka ndi mlandu lidzipatsenso mpando womwewo.

Ku Amereka nako zigawo zina zinamanga manja a gavanala. Ku Wyoming ndi ku Hawaii gavanala amasankha pa maina atatu amene cipani ca seneta wocokayo capereka. Ndipo m'zigawo zonse woikidwa ndi wogwirizira cabe. Tsiku limafika lakuti anthu amubvomereze kapena amukane. Ngakhale kumene mphamvu yoloza ndi cala iri yaikulu, mau otsiriza amakhala a oponya voti. Ganizo lakuti cipani ciike munthu wotsiriza zaka zonse zotsala lipitirira ngakhale pa zimene magavanala a ku Amereka amaloledwa kucita.

Palinso zina zocepetsa ndalama ndi ndeu popanda kukhudza ufulu wa anthu: kucititsa masankho apadera a madera angapo tsiku limodzi, kulanga msanga ocita ciwawa mosayang'ana cipani, ndi kuletsa kugwiritsa nchito magalimoto ndi katundu wa boma pa kampeni.

Mau kwa alimi ndi akhristu a m'cigwa

Nkhaniyi si yacilendo kwa inu. Msungicuma wa kopaletivu akamwalira nyengo ya feteleza iri pafupi, komiti ingapemphe munthu wina kuti agwirizire mabuku, koma pa msonkhano wotsatira mamembala ndiwo amasankha. Wapampando wa mphakati akasamuka, akhristu amakhala pansi ndi kusankha wina. Mamembala ambiri a bodi ya CRB, imene imayang'anira ndalama zocokera ku nyama za m'chire, amasankhidwa ndi anthu a m'midzi. Mudziwa bwino kusiyana kwa munthu amene munamusankha ndi munthu amene anakutumizirani. Woyamba mungamuimitse pa njira ndi kumufunsa za ndalama. Waciwiri amakuuzani kuti mukafunse kumene anacokera.

Akale anati wamva m'mimba ndiye atsekula citseko. Amene amagona m'munda kupirikitsa njobvu, amene amanyamula mai wapakati pa njinga kuoloka mtsinje wodzaza, amene amagulitsa mpunga pa mtengo wotsika cifukwa galimoto siifika, ndiye ayenera kunena amene akamulankhulire ku Lusaka. Malamulo aakulu a dziko lino asinthidwa mu 1991, 1996, 2016 ndi 2025, ndipo adzasinthidwanso. Nthawi iriyonse imene nkhani ya mipando yotsala yabwera, muziyesa ganizo lirilonse ndi funso limodzi: kodi wolowa pa mpandoyo adzathokoza ndani?

Cotero sungani bwino citupa canu ca NRC ndi khadi la voti, cifukwa mpando ungatsale wopanda munthu tsiku lirilonse. Ofuna uphungu kapena ukhansala akabwera, musawafunse za citenje ndi mcere cabe. Afunseni ngati abvomereza kuti mpando wa dera ndi wa anthu a m'deralo. Makomiti ofunsa maganizo a anthu pa malamulo akafika ku Chama, tumizani anthu anu a ku mphakati, a ku kopaletivu ndi a kwa mfumu kuti akalankhule, ndipo zimene mwagwirizana zilembedwe pa pepala. Ndipo masankho apadera akaitanidwa, pitani mukaponye voti, cifukwa anthu akamakhala kunyumba tsiku limenelo amapatsa mphamvu amene amati masankhowa ndi kutaya ndalama cabe.

Phungu amabwereka mpando kwa zaka zisanu. Akacoka nthawi isanakwane, cobwereka cibwerere kwa eni ake, ndipo eni ake ndi inu.